Chidindo cha a Namakhwa

Kwa Nandaya, mudzi wina wa kufupi ndi Utale, kunali banja la a Fabiano Namakhwa ndi akazi awo a Elsie. Chuma kunalibe: nyumba ya njerwa zootcha, malata ofiira ndi dzimbiri, mtengo wa bwemba pabwalo, basi. Koma pakhomopo sipankamveka kutukwana, ndipo m'mawa uliwonse, asanagwire khasu, ankayamba agwada n'kupemphera. Ana aakulu anali atapita kumabanja awo. Pakhomo panatsala mzime, Ophelia, mtsikana amene analemba mayeso a Fomu 4 koma osapeza malo ku koleji.

A Namakhwa anali wapampando wa komiti ya chitetezo, aja timangoti apolisi a m'mudzi. Anakhala pampandopo zaka khumi ndi ziwiri popanda wowaloza chala. Pamene ankayamba, mbuzi kwa Nandaya zinkatha ngati nkhuku za chitopa. Komiti inakhala pansi n'kuika lamulo loti mbuzi isatuluke m'mudzi popanda kalata. Wogulitsa abwere ndi mbuzi yake kwa wapampando, wogula akhalepo, kalata ilembedwe, idindidwe. Popeza opha nyama ku Liwonde ndi ku Balaka ankaopa kugula chiweto chopanda kalata, akuba anasowa kogulitsa, umbava n'kuzilala.

Kenaka ng'ala inagwa m'maso mwa a Namakhwa. Anthu ankawaona ngati ali mu utsi, ndipo zolemba anasiyiratu kuziona. Anapempha kuti atule pansi udindo, koma wachiwiri wawo, Che Uladi, anakana pamaso pa mudzi wonse.

"Iyayi, a Namakhwa. Ife sitinasankhe maso anu, tinasankha inuyo. Maso tibwereka kwa mwana wanu."

Choncho maso awo anakhala Ophelia. Mbuzi ikafika pansi pa bwemba, a Namakhwa ankaigwira makutu, chifukwa banja lililonse kwa Nandaya lili ndi kadulidwe kakekake ka khutu la mbuzi, ndipo mkuluyo zizindikiro zonsezo ankazidziwa ndi zala. "Iyi ndi ya kwa a Jimu, kudula kawiri kumanzere," ankatero, ndipo sankaphonya. Ophelia ankalemba kalata n'kuiwerenga mokweza. Bambo ake akakhutira, ankatulutsa chidindo m'kathumba kansalu kamene ankavala m'khosi ngakhale popita kutchalitchi, n'kuchiuzira mpweya kawiri, n'kudinda. Chidindocho sichinagwidwepo ndi dzanja la munthu wina.

Kunena zoona, Ophelia ankalemba bwino kwambiri. Koma ntchitoyo ankaiona ngati chilango. Anzake a kusukulu anali ku Zomba ndi ku Blantyre, akutumiza zithunzi atavala zokongola, iye ali pansi pa bwemba akununkha mbuzi. Mtima wodandaula uli ngati khola lopanda chitseko, aliyense wodutsa amasuzumiramo.

Wosuzumira anapezeka. Dzina lake anali Sammy, wogula mbuzi wa ku Liwonde, wa njinga yamoto yofiira ndi nsapato zoyera zimene sizinkagwira fumbi ngakhale la mu Okutobala. Tsiku lina atalandira kalata yake, anaiyang'anitsitsa nthawi yaitali, a Namakhwa atalowa m'nyumba.

"Chemwali, dzanja ili mukuliwonongera mbuzi? Ili ndi dzanja la mu ofesi, lolemba munthu atakhala pansi pa fani."

Ophelia anaseka. "Ofesi yake iti kuno?"

"Ndiye vuto lake limenelo. Anthu ena anabadwira kolakwika. Nambala yanu ndi chiyani?"

Sabata isanathe, Sammy anabweranso. Sabata inayo anabwera kawiri. A Elsie, amene maso awo anali abwinobwino, anamuitanira mwana wawo kuseri kwa nkhokwe.

"Iwe, mnyamata uja amagula mbuzi imodzi koma amakhala pano ngati wagula khola lonse. Akufuna chiyani?"

"Ndi kasitomala chabe, amayi."

"Kasitomala wa ndani? Ife tikugulitsa chiyani pano? Kwawo sitikukudziwa, abale ake sitikuwadziwa, tikudziwa nsapato zokha. Chikomekome cha mkuyu, mwanangu, m'kati muli nyerere."

Ophelia anayankha kuti wamva. Mawa lake analandira foni yatsopano kwa Sammy, n'kuibisa m'thumba la chimanga.

Pasanathe mwezi, ananamiza makolo ake kuti akukafunsa za ntchito ku Balaka. Sammy anamudikira m'tiyirumu ina ya kufupi ndi depoti, namugulira tchipisi ndi chakumwa chozizira. Analankhula za ukwati, za saluni imene adzamutsegulire ku Liwonde, za nyumba ya magetsi. Atamuona kuti wafewa, anatsitsa mawu.

"Ndili ndi kavuto kakang'ono. Ndinagula mbuzi zinayi ku Ngokwe, kalata yake inandigwa m'njira. Mawa ndikubwera kwanu kudzagula imodzi. Iwe udzalembe kuti zisanu."

"Nanga powerenga? Ababa amamvetsera liwu lililonse."

"Udzawerenge kuti imodzi. Kodi mdalayo amaona?"

Pamenepo mpamene mwana woleredwa bwino akanaimirira n'kumapita, tchipisi n'kuzisiya pomwepo. Munthu wanyoza khungu la bambo ako pamaso pako, iwe n'kumatafunabe! Ophelia anamva kuwawa pang'ono mumtima, koma anangoyang'ana m'mbale.

"Kamodzi kokha," anatero.

"Kamodzi kokha, mayi wa ana anga."

Mawa lake a Jimu anabwera ndi tonde wawo, Sammy ali pambuyo. A Namakhwa anagwira makutu, navomera kuti mbuzi ndi ya mwini wake. Ophelia analemba kuti mbuzi zisanu, ndi mitundu yake monga anamuuzira Sammy. Kenaka anayamba kuwerenga.

"Mbuzi... mbuzi imodzi, yamphongo, yakuda, ya a Jimu."

"Mawu ako atani lero?" anafunsa bambo ake. "Chimfine?"

"Fumbi, ababa."

"Ukamwe madzi, mwanangu." Anauzira chidindo mpweya, Ophelia n'kuwalondolera dzanja pomwe panali malo, iwo n'kudinda.

Patapita masiku atatu, zinamveka kuti m'mudzi woyandikana nawo mwasowa mbuzi zinayi, mitundu yake yomweyo imene Ophelia analemba. Anathamangira kumunda n'kumuimbira Sammy.

"Unati unagula ku Ngokwe!"

"Tsitsa mawu. Analemba kalata ndani, ine kapena iwe? Ukatsegula pakamwa, woyamba kulowa m'selo ndiwe, wachiwiri ndi mdala wako. Khala phee, tidye bwino. Loweruka ndikubweretsera nsalu."

Loweruka nsalu inabweradi, ndipo Ophelia anailandira. Tchimo likaona kuti walandira mphatso yake yachiwiri, silipemphanso, limangolamula. Sammy anati kalata imodzi sikukwanira. Ophelia anauza bambo ake kuti masiku ano pakufunika makalata awiri, ina ya wogula ndi ina yotsala pakhomo, ndipo mkuluyo anamuyamika kuti sukulu inamupindulira. Ankadinda ziwiri. Yachiwiriyo inkakhala ya mbuzi zimene zala zawo sizinazigwirepo. Mawu a Ophelia anasiya kunjenjemera. Ankawerenga bodza mosadodoma ngati akuwerenga mawu a Mulungu kutchalitchi.

Chilimwe chimenecho umbava unabweranso kwa Nandaya, koma utasintha mayendedwe. Akuba akale ankathyola makola anthu ali m'tulo. Awa ankabwera dzuwa likuswa mtengo, nthawi imene mbuzi zimangoyenda zokha m'minda yokololedwa. Ankabwera Lachisanu amuna ali kumzikiti, Lamulungu ena ali kutchalitchi, makamaka tsiku la maliro pamene mudzi wonse uli kumanda. Ankamanga mbuzi pakamwa, kuziponya m'matumba, njinga yamoto n'kuuluka.

Komiti inkakumana pansi pa bwemba, Ophelia atakhala pambali ndi cholembera.

"Anthu awa akudziwa mayendedwe athu," anadandaula Che Uladi. "Tikatseka njira ya kunjanji, akudutsa ya kudambo. Tikapita kudambo, akudutsa kunjanji. Wallahi, ngati pali wowauza."

"Ine chondizunguza mutu ndi china," anatero a Namakhwa. "Akukagulitsa bwanji popanda kalata? Ine sindinadindepo mbuzi imene sindinaigwire makutu."

Anagwirizana kuti Lachisanu lotsatira akabisale kudambo. Msonkhano usanabalalike, uthenga unali utafika kale pa foni ya Sammy.

M'mudzimo munali mayi wina wamasiye, a Khadija, amene amuna awo anamwalira miyezi ingapo m'mbuyomo. Anali ndi mbuzi zitatu zimene ankasungira sadaka ya malemuwo. Ngakhale ufa utatha m'nyumba, sanazigulitse. Tsiku lina anapita kumaliro kutsidya kwa mtsinje, pobwera anapeza zingwe zokha. Anafika pansi pa bwemba ali chapansi, n'kukhala padothi, mpando ataukana.

"A Namakhwa, ine ndikauza chiyani abale a amuna anga? Tsiku la sadaka talengeza kale. Anthu akabwera ndidzawaphikira chiyani, misozi?"

A Namakhwa anavula chipewa. "Mayi, ndachita manyazi. Munandiika pano kuti muzigona mtima uli m'malo. Ndikulonjezani, wakuba ameneyu tidzamupeza, ngakhale atakhala mbale wanga."

Ophelia anabweretsa madzi akumwa, nagwada powapatsa. A Khadija anamudalitsa. "Mulungu akusunge, mwanangu. Ukuwathandiza bambo ako."

Kalata ya mbuzi zitatuzo inali itadindidwa dzulo lake.

Madzulo a tsikulo, akutsuka mbale, a Elsie anamugwira mwana wawo pamkono.

"Tsitsi lolukidwa ku Liwonde, nsalu yatsopano, foni imene ukuibisa m'chimanga ngati ine ndine wakhungu. Zikuchokera kuti?"

"Ndi mphatso."

"Mphatso ya wogula mbuzi, m'chaka chimene mbuzi zikusowa? Tandiyang'ana, Ophelia. Bambo ako anakupatsa maso awo. Ngati pali chimene ukudziwa, nena lero, tikagwade kwa Che Uladi zinthu zisanafike poipa."

"Amayi, inu mumangoganizira munthu zoipa. Kodi mukufuna ndikalambe ndikununkha mbuzi ngati inu?"

A Elsie anamusiya mkono. Sanamumenye, sanakuwe. Anangoti, "Wakutsina khutu ndi mnansi," n'kulowa m'nyumba. Amuna awo sanawauze kanthu, poopa kuwasweka mtima ndi nkhani imene analibe nayo umboni. Kukhala chete kumeneko anadzakulirira pambuyo pake.

Che Uladi sanali munthu wokhala pansi. Tsiku la msika anakwera basi kupita ku Liwonde, n'kuyamba kuzungulira kumene amapha mbuzi, ngati wofuna kugula. Pamtengo wina anapeza mbuzi yamawanga, khutu lamanja lodulidwa ngati mchira wa nsomba. Chinali chizindikiro cha kwa a Khadija. Mwini butchala sanachite mantha n'komwe.

"Achimwene, ine sindigula zakuba. Kalata yake nayi, yodinda bwinobwino. Ndili ndi ena ambiri a chidindo chomwechi."

Che Uladi anayang'ana chidindocho, nachizindikira. Anapempha kalatayo, nasiya munthu woti ayang'anire mbuzi ija, n'kubwerera. Koma pamsika panali anthu a kwa Nandaya amene anamva zonse, ndipo nkhani inakwera njinga kufika kumudzi iye asanatsike basi.

Anafika kwa a Namakhwa dzuwa litapendeka. Anawapeza akusoka mphasa ndi zala zawo zozolowera, a Elsie akupeta, Ophelia akusita nsalu yake yatsopano pakhonde.

"Achimwene anga," anatero Che Uladi, mawu ali olemera, "ndabwera ndekha chifukwa tadyera limodzi zaka zambiri. Mbuzi ya a Khadija ndaipeza ku Liwonde. Ili ndi kalata. Chidindo chake ndi chanu."

A Namakhwa anaseka pang'ono. "Ndiye akuba ajambula chidindo chabodza."

"Chili ndi kamng'alu kaja ka pakona. Ndi chanu."

Mkuluyo anagwira kathumba ka m'khosi, napeza chidindo chili momwemo. Analandira pepala lija, naliyandikiza kumaso, koma ankangoona utsi. Kenaka anachita zimene anazolowera.

"Ophelia, bwera undiwerengere."

Ophelia anatsika pakhonde ngati akupita kokaphedwa. Che Uladi ankamuyang'ana. Amayi ake anali atasiya kupeta. Nthawi imeneyi panalibenso powerengera bodza, chifukwa wobweretsa kalata anali ataiwerenga kale.

"Mbuzi zitatu," anawerenga, mawu akutuluka pang'onopang'ono. "Ziwiri zazikazi zamawanga, imodzi yamphongo yofiira. Wogula, Sammy."

"Tsiku lake?"

Anatchula tsiku.

"Tsiku limenelo ndinagwira makutu a mbuzi imodzi yokha," anatero a Namakhwa. "Ndinadinda kawiri." Anatembenuzira mutu kumene kunkachokera mawu a mwana wawo. "Dzanja lolemba ndi la ndani, Che Uladi?"

Che Uladi asanayankhe, kuchokera kumsewu kunamveka wezulo, kenaka phokoso la anthu ambiri. Ankabwera ndi zibonga, ena miyala, ndipo mnyamata wina anali atanyamula chigubu cha petulo. Anthu amene anataya mbuzi chilimwe chonse anali atapeza pomwe angatulire mkwiyo wawo.

A Namakhwa anaimirira msanga kuposa msinkhu wawo. "Elsie, lowa naye m'nyumba mwanayu. Utseke." Kenaka anatembenukira kwa mnzawo. "Che Uladi, mwana ankalemba zimene ndinkamuuza ine. Wamva? Zimene ndinkamuuza ine."

"A Namakhwa, musatero."

"Ndatero."

Gulu linafika pabwalo. Ophelia ankaona zonse pa kampata ka zenera. Anaona bambo ake atakweza manja, akunena mokweza kuti mlandu ndi wawo. Anaona munthu amene a Namakhwa anamupezerapo njinga yake yobedwa akuwavula jekete yonyezimira ya komiti. Wina anadula chingwe cha kathumba ka m'khosi. Wina anawamenya mbama, chipewa n'kugwa, mkuluyo n'kumachifufuza pansi ndi manja anthu akuseka. Che Uladi anaima pakati, akukuwa kuti waitana kale apolisi ndipo aliyense wokhudza petulo akayankha yekha. Ndi iye anapulumutsa moyo wawo tsiku limenelo.

Koma manyazi sanawapulumutse. Anawamangirira chikopa cha mbuzi m'khosi, n'kuwayendetsa mpaka kumsewu waukulu, akazi akuimba nyimbo yonyoza mbala, ana akuthamanga m'mbali. Munthu wosaona ankapunthwa pa chitsa chilichonse. A Khadija sanaimbe nawo. Anangoima pambali pa njira, n'kunena mawu amodzi pamene ankadutsa: "Munandilonjeza, a Namakhwa."

M'nyumba, a Elsie anatsegula chitseko n'kumuloza mwana wawo panja. "Tuluka. Thamanga ukawauze. Akadali pafupi."

Ophelia anakhala pansi, atagwira mwendo wa tebulo. Ankaopa petulo uja. Sanatuluke.

Galimoto ya apolisi itapita, anaimbira Sammy. Nambala sinkapezeka. Anaimbanso mawa lake, ndi mkuja wake. Apolisi atakafufuza ku Liwonde anapeza kuti chipinda chimene Sammy ankachita lendi ndi chotseka, ndipo eni nyumba ankamudziwa ndi dzina lina. Anali ndi mkazi ndi ana awiri, onse anasamuka tsiku lomwelo.

Kukhoti mlandu sunatenge nthawi. A Namakhwa anavomera zonse. Anati ankagwirizana ndi Sammy, ndipo mwana wawo ankangolemba zimene wauzidwa, osadziwa kanthu. Woweruza anati mlonda akasanduka mbala chilango chake chiyenera kukhala chophunzitsa ena, nawalamula kukakhala kundende zaka zitatu. Ophelia anali pabenchi lakumbuyo, atafunda chitenje kumutu. Pakamwa pake panali potseka.

Pakhomo panazizira. Anthu anasiya kudutsa pabwalo, ankalambalala kuseri. Kumjigo, a Elsie akafika, nkhani zinkatha. Mayi ndi mwana ankadya mbale imodzi osalankhulana, ndipo m'mawa a Elsie ankagwada okha.

Patapita miyezi iwiri, Ophelia analimba mtima n'kupita kukawaona bambo ake. Anawatulutsa atagwiridwa dzanja ndi mkaidi mnzawo. Anali ataonda, miyendo itatupa, akutsokomola. Ophelia anagwada pasimenti n'kuyamba kulira.

"Ababa, ndine."

"Ndakumva mayendedwe. Amayi ako ali bwanji?"

"Ababa, ndikhululukireni. Ndinkawerenga zabodza. Ndinkakugwirani dzanja n'kumakudinditsani zabodza."

"Ndikudziwa." Anatsokomola nthawi yaitali. "Tsiku loyamba lija mawu ako ananjenjemera. Mtima unandiuza kuti pali kanthu, ine n'kuuuza kuti ndi fumbi. Ndinkafuna likhale fumbi. Pamenepo ndinalakwa ndine."

"Bwanji munavomera mlandu wosakhala wanu?"

"Unaona chigubu chija? Ine ndine nkhalamba, anandimenya mbama. Iwe akanakuotcha. Sindinakuikire kumbuyo chifukwa unali wolungama, Ophelia. Ndinakuikira kumbuyo chifukwa ndiwe mwana wanga." Anafufuza mutu wake ndi dzanja, naugwira. "Ine ndakukhululukira. Koma a Khadija sanachite sadaka ya amuna awo, ndipo mudzi wonse ukuganiza kuti zaka khumi ndi ziwiri ndinkawanamiza. Chimene chikundidwalitsa ndi chimenecho, osati nsikidzi za muno. Mkwiyo wa anthu watsika tsopano. Ukapeza mphamvu, ukawauze zoona. Ndikufuna ndimve ndili moyo kuti dzina langa labwerera."

"Ndikanena, ababa. Lamulungu lomwe lino."

Lamulungu linafika, Ophelia anati mutu ukumupweteka. Lamulungu linalo anafika mpaka pakhomo la Che Uladi, n'kubwerera asanagogode. Tsiku lililonse ankadziuza kuti mawa. Ankaopa ndende, ankaopa maso a anthu, ankaopa kutchedwa mbala kumjigo. Mvula yoyamba itagwa, uthenga unafika woti a Namakhwa anawatengera kuchipatala ndipo amwalira.

Maliro a munthu amene anatumikira mudzi zaka zonsezo anali ochititsa chisoni. Anthu anabwera chifukwa maliro sakanidwa, koma anakhala patalipatali, akunong'onezana. Itafika nthawi yonena mbiri ya malemu, a komiti anayang'ana pansi. Wa mpingo anangotchula chaka chobadwa ndi chaka chobatizidwa, n'kunena kuti woweruza ndi Mulungu.

Pamenepo Ophelia anaimirira pakati pa azimayi. Ena anamukoka chitenje kuti akhale pansi, koma anawakutumula.

"Ababa sanabe mbuzi ya munthu!" anakuwa. "Ndine! Ndinkalemba zina n'kuwawerengera zina. Ndinkauza Sammy njira imene a komiti abisala. Mbuzi za a Khadija ndinalembera kalata ndine. Iwo sankadziwa kanthu. Anavomera kuti musandiotche. Ndimangeni ine!"

Ophelia anadikira miyala, anadikira kutukwanidwa, ndipo kwa nthawi yoyamba anali wokonzeka. Koma chimene chinabwera sanachiyembekezere. Azimayi anayamba kupukusa mitu mwachifundo. "Chisoni chamuzunguza mutu," anatero wina. "Mwana wabwino, akufuna kuyeretsa bambo ake."

A Elsie anakweza mawu ali pamphasa. "Akunena zoona mwanayu!"

"Nanga mkazi wa malemu anganene chiyani?" anayankha bambo wina kumbuyo.

Ophelia anathamangira kwa Che Uladi, amene tsopano anali wapampando, n'kugwada. "Inu munalipo. Munaona nkhope yanga tsiku lija. Auzeni!"

Che Uladi anayang'ana bokosi, misozi ili m'maso. "Mwanawe, chimene ndinaona ndi nkhope. Chimene ndinamva ndi mawu a bambo ako, ndipo anawabwereza pamaso pa khoti atalumbira. Ukanalankhula tsiku lija, ndikanaima nawe. Ukanalankhula ali moyo, tikanapita kukawafunsa. Lero ndikafunse ndani?"

Kenaka a Khadija anadzuka, nabwera kudzamugwira paphewa mofatsa.

"Khala pansi, mwanangu. Usadzinamizire mlandu. Ngakhale ine, bambo anga akanakhala akuba, ndikanawaikira kumbuyo chomwechi."

Anamukhazika pansi, namupukuta misozi ndi nsonga ya mpango wawo. Nyimbo inayamba, amuna ananyamula bokosi.

Ophelia sanamangidwe. Ali moyo mpaka lero, amakhala ndi amayi ake, amalima, sajomba kutchalitchi. Nkhaniyi amaiuza aliyense wofuna kumva, ndipo ambiri amangomumvera chisoni. Mulungu amakhululukira wolapa, zimenezo sitikukayika. Koma madzi akatayika saoleka.

Inu achinyamata amene makolo anu amakupatsani kalata kuti muwawerengere, foni kuti muwaonere uthenga, kapena dzanja kuti muwalondolere, mverani. Kunamiza munthu amene wakukhulupirira chifukwa alibe pena pogwira ndi tchimo loposa kuba mbuzi. Wokutumani kuchita zimenezo sakukondani, ndipo tsiku la mlandu simudzamuona. Ngati mwagwa kale, ululani lero, wolakwiridwayo akadali moyo, chifukwa choonadi chochedwa chimafika anthu atatseka kale makutu.

Kwa Nandaya masiku ano, mwana akagwidwa akuba chimanga chachiwisi m'munda mwa eni, amayi ake amamukoka khutu n'kumukalipira kuti, "Ukufuna udzafe ngati Namakhwa?" Ophelia amawamva akamadutsa popita kumjigo.